Jik M'botolo la Sobo: Mankhwala Oyeretsera Pakhomo ndi Moyo wa Ana Athu

 Ndikudziwa kuti ena mwasiya makasu kumunda, ena mwatseka maokala anu kuti mudzakhale pano, choncho sindizungulira.

Lero sindinabwere kudzakamba za malungo kapena za njala. Ndabwera kudzakamba za zinthu zimene timalowa nazo tokha m'nyumba, titazigula ndi ndalama zathu, tili ndi mtima wosamala banja: Jik, safu, mankhwala otsukira chimbudzi, Dettol, polishi wa pansi, palafini, kositiki soda wa amayi opanga sopo, ngakhalenso klorini amene alangizi a zaumoyo amatigawira nthawi ya kolera. Chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo zina mwa izo zapulumutsa miyoyo yambiri. Koma m'mawodi a ana m'zipatala zathu mumagonekedwanso ana amene adwalitsidwa ndi zinthu zomwezi. Lipoti limene mabungwe a WHO ndi UNICEF anatulutsa mu 2008 linanena kuti ana ndi achinyamata oposa 45,000 amafa ndi poizoni chaka chilichonse padziko lonse, ndiponso kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene imfa zotere zimachuluka kanayi kuposa m'mayiko olemera. Mankhwala oyeretsera a ku London ndi a ku Limbe sasiyana kwenikweni. Chimasiyana ndi chotengera chake, malo amene timawaika, zimene timachita mwana akamwa, ndi mtunda wokafika kuchipatala. Za mtundawo tikakambirana ndi aphungu athu. Zitatu zinazo zili m'manja mwathu ife tili panofe.

Taganizirani nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ku Ndirande kapena ku Mtandire, masana a mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Munthu wamkulu akalowamo maso ake amagwera patebulo, pawindo, pa kalendala ya pakhoma. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka dziko lake limathera m'mawondo mwathu. Iye amadziwa za kunsi kwa bedi, za kuseri kwa chitseko, za pakona pamene pamakhala tsache ndi chikolopa, ndipo kumeneko ndi kumene timakankhira mabotolo amene sitifuna kuti alendo awaone. Mwanayo ali ndi ludzu. Waona botolo la Fanta, ndipo botolo la Fanta amalidziwa bwino, poti tsiku lina abambo ake anamumwetsako. Muli madzi oyera. Chitsekerero n'chongopotokola kawiri, mwinanso n'chitsononkho cha chimanga. Ife tikanayamba tanunkhiza. Mwana wa msinkhu uwu sanunkhiza, ndipo fungo loipa kapena kuwawa sikumubweza msanga monga timaganizira. Chilichonse amachiphunzira ndi pakamwa. Pofika poti alire, wameza kale.

Thupi lake nalonso silimuthandiza. Kadontho kamene kwa munthu wa makilogalamu 60 si kanthu, kwa mwana wa makilogalamu 10 n'kochuluka kasanu n'kamodzi. Khungu lake n'lopyapyala. Amapuma mofulumira: munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, pamene mwana woyamba kumene kuyenda amafika ka 30 ngakhale kuposa. Ndiye mpweya woipa ukadzaza m'chipinda, iye ndi amene amaukoka wambiri.

Chatsitsa dzaye n'chiyani kuti Jik apezeke m'botolo la chakumwa? Si uchitsiru ayi, ndi umphawi ndi kugula moyeza. Ndani wa ife angakwanitse chigubu cha malita 5? Timagula wa lero lokha, ndipo wogulitsa amatithirira m'botolo lililonse limene watola, la Sobo, la Frozy, la madzi akumwa. Mankhwala akasamuka m'botolo lake amasiya zonse kumbuyo: dzina lake, chenjezo lake, malangizo a kasakanizidwe, ndi chitsekerero cholimba chija. Tinaziwonanso nthawi ya kolera imene inayambira ku Machinga mu Marichi 2022 ndi kufalikira dziko lonse mpaka 2023, imene inadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Alangizi anagwira ntchito yotamandika, kugawa klorini khomo ndi khomo, ndipo mabanja ambiri anapulumuka chifukwa cha iwo. Koma ife tinapita kukalandira klorini uja ndi mabotolo ati? Omwewo a zakumwa. Tikafika kunyumba n'kumuika pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa, pansi, poti ndi pomwe amagwira ntchito.

Mankhwalawa sali ofanana kuopsa kwake, ndipo ndikanati onse ndi akupha mukanandiona ngati wokokomeza. Jik wa m'sitolo ali ndi mankhwala otchedwa sodium hypochlorite okwana magawo 3.5 pa 100 alionse, zotsalazo ndi madzi. Mwana akapsontha pang'ono, kawirikawiri amangomva kuwotcha m'kamwa, mwina kusanza, kenako n'kupeza bwino, ngakhale kuti ayenerabe kuonedwa ndi achipatala. Safu ndi sopo wotsukira mbale nazonso nthawi zambiri zimathera pa kusanza ndi kutsegula m'mimba. Koma klorini waufa uja wa HTH, amene alangizi amasungunula popanga wamadzi, mphamvu yake imafika magawo 65 kapena 70 pa 100. Ameneyo si wosunga m'kapepala pawindo.

Woopsa kuposa onse m'gulu la zoyeretsera ndi kositiki soda, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa magulu a amayi ambiri, a banki mkhonde ndi a kumpingo, aphunzira kupanga sopo. Bizinesi yake ndi yabwino, sindikuiletsa. Amayi mumachidziwa chidulo, madzi a phulusa amene timafewetsera therere ndi masamba olimba. Kositiki ndi mbale wake wa chidulo, koma mphamvu yake n'njoposa kutalitali, ndipo chimene chidulo chimachita ku masamba iye amachita ku mnofu wa munthu. Akakhala wouma amaoneka ngati shuga kapena mchere wa mibulu. Akasungunulidwa amaoneka ngati madzi, alibe fungo, ndipo opanga sopo amamusiya m'beseni kapena m'ndowa kuti azizire, nthawi zina usiku wonse, pakhonde pamene ana amasewera. Mwana akameza ngakhale kamodzi kokha, mankhwalawa amasungunula mnofu wa kummero ndi wa njira imene chakudya chimadutsa popita m'mimba. Milomo imatupa, dovu limangotuluka, mwana amakana kuyamwa.

Chomvetsa chisoni chimabwera pambuyo pake. Zilonda zija zikamapola zimasiya zipsera, ndipo zipserazo zimakoka njira ya chakudya mpaka kuichepetsa. Pakatha masabata atatu kapena asanu n'limodzi, banja likuganiza kuti zinatha, mwana amayamba kubweza nsima. Kenako phala lolimba. Kenako ngakhale madzi amavuta. Mwana wotere amafunika kumamugoneka tulo kuchipinda cha opaleshoni kuti madokotala akulitse njirayo pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, kwa miyezi ngakhale zaka, ndipo ena amadyera pa kapaipi koboolera pamimba. Ntchito yotere sichitika pachipatala chaching'ono cha kwathu kuno. Imafuna madokotala a opaleshoni ya ana, monga a ku Mercy James Centre pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 2017. Werengerani nokha thiransipoti, chakudya cha wodikirira, ndi munda umene watsala osalimidwa. Zonsezi chifukwa cha beseni limodzi losavundikira.

Chenjeraninso ndi dzinali. Soda wa therere ndi wa zitumbuwa, amene timagula m'timapaketi pa golosale, ndi wina. Kositiki soda ndi wina. Onse ndi oyera, onse timangoti soda. Asakhale pashelefu imodzi, ndipo musatume mwana kuti akatenge soda m'nyumba mmene muli onse awiri.

Palafini ena mudzati si mankhwala oyeretsera. Zoona, koma timachotsera penti m'manja, timatsukira zitsulo za njinga, ndipo ena timasungunula makandulo pambaula n'kuthiramo palafini kuti tipange polishi wa pansi. Kafukufuku wa m'zipatala za kum'mwera kwa Africa kuno wakhala akusonyeza kwa zaka zambiri kuti palafini ali m'gulu lotsogola pa zinthu zimene ana aang'ono amamwa mwangozi. Kuopsa kwake sikuli m'mimba kwenikweni. Kuli m'mapapo. Palafini ndi wopepuka ndi woterera, ndiye pomeza kapena posanza amalowerera mosavuta m'njira ya mpweya, ndipo wosakwana n'komwe supuni ya tiyi akafika m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa. Mwana amatsokomola, amabanika, amapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, kenako amatentha thupi ndi kufooka. Nthawi zina amaoneka bwinobwino poyamba, zizindikiro n'kudzayamba patapita maola angapo, usiku, mabasi ndi akabaza ataweruka.

Pali ngozi ina imene imagwera makamaka anthu aukhondo kwambiri. Munthu amafuna chimbudzi chiwale, ndiye amathira Harpic, pamwamba pake n'kuthiranso Jik, poganiza kuti mphamvu ziwiri zikaphatikizana zitsuka bwino. Mankhwala ambiri otsukira chimbudzi cha madzi ali ndi asidi, ndipo asidi akakumana ndi Jik amatulutsa mpweya wa klorini, womwe uja asilikali a Germany anaphera nawo adani awo ku Ypres m'dziko la Belgium mu Epulo 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mpweya umenewu ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho umatsikira pansi, pamene pali mwana wokwawa amene watsatira amayi ake kubafa. Viniga ndi mandimu nazonso ndi asidi, musaziphatikize ndi Jik. Mankhwala okhala ndi amoniya akakumana ndi Jik amatulutsanso mpweya wina wowotcha maso ndi chifuwa, ndipo mkodzo umachita chimodzimodzi. Amene mumanyika matewera a mkodzo mu Jik wosasungunula, m'bafa lotseka, mukamatuluka misozi ndi kutsokomola, si chimfine ayi. Jik bwenzi lake ndi madzi ozizira basi.

Zina ndingozitchula mofulumira. Timipira toyera tija timaika m'sutikesi ndi m'chimbudzi pothamangitsa njenjete ndi mphemvu timaoneka ngati maswiti, ndipo tambiri tili ndi naphthalene, amene amaswa magazi. Kuno kumadera a malungo ana ambiri, makamaka aamuna, amabadwa ndi magazi osachedwa kusweka akakumana ndi mankhwala otere. Mwana amachita chikasu, mkodzo umada, magazi amatha. Ngakhale zovala za khanda zosungidwa ndi timipira timeneti zingamudwalitse. Dettol akamezedwa amagonetsa ndi kusokoneza kupuma. Sanitaiza amene tinazolowera kuyambira 2020 ndi mowa waukali woposa kachasu, ndipo mwa mwana wamng'ono umatsitsa shuga m'magazi mpaka kukomoka. Achibale athu a ku Joni ndi ku UK amene amachapira makina asamale ndi timapaketi ta sopo wamadzi towala mitundumitundu: ku America, m'zaka za 2012 ndi 2013 zokha, ana oposa 17,000 osakwana zaka 6 anakhudzidwa nato. Ndipo ndowa ya madzi okolopera kapena ochapira, ngakhale mulibe mankhwala, ndi yokwanira kumiza mwana woyamba kuyenda, chifukwa mutu wake ndi wolemera ndipo akagweramo chamutu sangathe kudzitulutsa. Mukamaliza, tayani madziwo.

Palinso kuvulala kosaoneka tsiku limodzi. Ku Canada anatsatira ana pafupifupi 2,000 kuyambira ali makanda, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2020 zinasonyeza kuti ana a m'nyumba zogwiritsa ntchito mankhwala oyeretsera pafupipafupi m'miyezi yawo yoyamba ankapezeka kwambiri ndi mphumu ndi kulira kwa m'chifuwa pofika zaka 3. Okayikitsa kwambiri anali mankhwala opopera ndi onunkhiritsa m'nyumba. Ku South Korea zinafika poipa. Mankhwala opha majeremusi amene ankathiridwa m'timakina tonyowetsa mpweya wa m'chipinda anawononga mapapo a makanda ndi amayi oyembekezera, anthu mazanamazana anamwalira, ndipo boma linawachotsa pamsika mu 2011. Makolo aja ankagula poganiza kuti akuteteza ana. Ife timakina timeneto tilibe, koma chizolowezi chopopera zonunkhiritsa m'chipinda mmene mwagona khanda chafika m'matauni mwathu. Ine kuona kwanga, ndalama imeneyo ndi yotaya. Nyumba ikanunkha, funani chimene chikununkhacho, muchichotse, mutsegule mawindo.

Tsopano tinene kuti zachitika, mwana wamwa. Apa ndikupempha mutchere khutu, chifukwa zimene ambiri tinaphunzira kwa makolo athu ndi zimene zimawonjezera ngozi.

Musamusanzitse. Musamupise chala kukhosi, musamupatse madzi a mchere, mazira aawisi, mafuta ophikira, kapena mankhwala azitsamba osanzitsa. Kositiki wawotcha potsika. Mukamusanzitsa awotchanso pokwera. Palafini amene anali m'mimba, mmene sakanachita zambiri, mukamubweza ndi pamene amalowa m'mapapo. Madzi a mchere wambiri paokha atha kupha mwana. Musachite manyazi kuti mwakhala mukuchita zimenezi, chifukwa ngakhale ku America madokotala a ana ankalangiza makolo kusunga mankhwala osanzitsa m'nyumba, mpaka mu 2003 pamene bungwe lawo linasintha malangizowo litaona kuti sathandiza.

Nanga mkaka? Ndikuona ena mukuyang'anizana. Mkaka supha poizoni. Mukaumiriza mwana kumwa kapu yathunthu mumangodzaza m'mimba, ndipo chotsatira ndi kusanza komwe tikukupewa kuja. Makala a pambaula osinja si makala a kuchipatala, ndipo ngakhale a kuchipatalawo sagwira kositiki kapena palafini. Musayesenso kupha kositiki ndi mandimu kapena viniga: ziwirizi zikakumana zimatulutsa kutentha, m'kati mwa mwana.

Chochita ndi ichi. Muchotseni pamalopo, mutengereni kunja kumene kuli mpweya wabwino. Mutsukeni m'kamwa ndi pamilomo ndi madzi oyera. Muvuleni zovala zimene zanyowa ndi mankhwala ndipo mutsireni madzi ambiri pakhungu. Ngati alowa m'maso, musathamangire kuchipatala musanatsuke: mugonekeni chammbali, diso lovulala likhale kumunsi, mutsegule zikope ndi zala, muzithira madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20, mowerengera pa foni. Alira, alimbana nanu, koma pitirizani, pakuti mphindi zimenezo ndi zimene zimapulumutsa diso. Akakhala wofooka kapena akuodzera, musamupatse chilichonse pakamwa, mugonekeni chammbali. Ndiye nyamukani, nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino. M'kamwa mopanda zilonda si umboni woti kummero kuli bwino. Tengani botolo lomwelo, kapena chotsala cha mankhwalawo, ndipo kumbukirani nthawi imene wamwera. Adokotala akaona botolo amadziwa poyambira. Mukangoti "wamwa mankhwala" amayamba n'kulota.

Mawu amodzi kwa inu amene muli ndi antchito pakhomo, ndi inu amene mumasiyira khanda mkulu wake wa zaka 8. Ana ena amafika mochedwa kuchipatala chifukwa amene anali nawo anaopa kunena. Mtsikana wantchito akudziwa kuti akaulula achotsedwa ntchito, mwinanso amenyedwa, ndiye amamupukuta mwana pakamwa, kubisa botolo, n'kukhala chete mpaka madzulo. Muuzeni lero, zinthu zisanachitike, kuti mwana akamwa kanthu akuimbireni nthawi yomweyo ndipo simudzamukalipira. Ndipo zikachitika musunge lonjezolo. Abambo, inunso nkhaniyi ikukukhudzani. Zinthu zikalakwika timathamangira kufunsa kuti mayi ake anali kuti, koma asidi wa batire, petulo wa njinga yamoto, sipiliti wometera ndi tameki wa makoswe, kawirikawiri amene amabwera nazo pakhomo ndi ife.

Ndiye tiziyeretsa ndi chiyani? Yankho langa mwina likukhumudwitsani chifukwa mulibe chachilendo: sopo ndi madzi. Ntchito zambiri za pakhomo, kukolopa, kutsuka mbale, kupukuta tebulo, kuchapa matewera, sizifuna kupha majeremusi ndi mankhwala aukali. Zimafuna kuchotsa litsiro, ndipo litsiro likachoka majeremusi ambiri amapita nalo limodzi. Sopo wamtanda wamba amachita zimenezi. Otsatsa malonda pa wailesi atiphunzitsa kuti nyumba yoyera ndi imene ikununkhira mankhwala, koma fungo silitsuka kanthu.

Agogo athu anali ndi zida zimene tazinyoza msanga. Phulusa ndi mchenga zimakwecha mwaye wa mapoto bwino lomwe. Phulusa lothira m'chimbudzi chokumba limachepetsa fungo ndi ntchentche, ndipo sopo akasowa limathandiza posamba m'manja. Likhale lozizira, chifukwa phulusa lamoto lotayidwa kuseri kwa khitchini lawotcha mapazi a ana ambiri, ndipo lisalowe m'maso. Thandala ndi chida chaukhondo chenicheni: mbale zikauma padzuwa, pamwamba, kutali ndi agalu ndi nkhuku, majeremusi ambiri sapirira. Matewera ochapidwa ndi sopo, otsukuluzidwa bwino, ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma gwaa safuna Jik tsiku lililonse, ndipo khungu la mwana limapumako ku zilonda. Makapu ndi masupuni a khanda, awiritseni. Soda wa therere uja amachotsa fungo ndi mafuta ouma m'mapoto. Mandimu kapena viniga amachotsa zoyera zija zimene madzi a pamjigo amasiya m'ketulo ndi pampopi, komanso fungo la usipa m'manja ndi pa mipeni.

Koma ndisakunamizeni. Mandimu, viniga ndi phulusa si zodalira pa kolera. M'nyumba mukakhala munthu wotsegula m'mimba kapena wosanza, pakatayika magazi, kapena kudera kukagwa mliri, pamenepo klorini alibe wolowa m'malo mwake, ndipo amene angakuuzeni kuti mumutaye chifukwa ndi mankhwala a azungu akukupusitsani. Chofunika ndi muyezo. Popukuta pamalo pamene anthu amagwiragwira, masupuni aakulu awiri a Jik mu lita imodzi ya madzi ndi okwanira. Pamene patayikira magazi, kapu imodzi ya Jik ku makapu 6 a madzi. Za masanzi ndi chimbudzi cha wodwala kolera zimafuna wamphamvu kuposa apa, ndipo muyezo wake akupatsani ndi alangizi. Yambani mwachotsa litsiro ndi sopo, chifukwa klorini amafooka akakumana ndi zonyansa zambiri. Sakanizani wokwanira tsiku limenelo, ndi madzi ozizira, zitseko zili zotsegula, ana ali panja, ndipo abwerere pansi patauma. Wa madzi akumwa, kaya ndi WaterGuard kaya ndi wa alangizi, tsatani muyezo umene mwauzidwa, mudikire mphindi 30 musanamwe. Kuwonjezera muyezo sikuwonjezera chitetezo, kumangopangitsa ana kukana madziwo n'kukamwa a pachithaphwi.

Za kasungidwe ena mudzati, "Ife kabati yokhoma tiitenga kuti?" Simufunika kabati. Msomali umodzi wokhomedwa pamwamba pafupi ndi denga ndi kathumba kopachika n'zokwanira, bola pansi pake pasakhale mpando kapena thumba la chimanga lokwerapo, poti mwana wa zaka zitatu ndi katswiri wokwera. Amene muli ndi bokosi lachitsulo, gulani loko. Mankhwala asakhale pamodzi ndi ufa, mchere ndi mafuta. Ngati mwakakamizika kuthira m'botolo lina, lisakhale la chakumwa. Matulani chipepala chake, mulimange nsanza yofiira kapena mulembe ndi penti kuti aliyense adziwe. Chigubu chimene munali mankhwala chisasanduke cha thobwa, cha madzi a kumunda, kapena galimoto ya ana; chibooleni, muchitaye m'dzenje. Ndipo dziwani kuti ngozi zambiri sizichitika mankhwala ali pamalo ake. Zimachitika ali pa ntchito: mukukolopa, wina wati "odi" pakhomo, mwatuluka kwa kamphindi, botolo lili chitsegulire. Zimachitikanso pamaliro, paukwati, posamuka, ndi kwa agogo kumene sikunazolowere mwana wokwawa. Mukaitanidwa, nyamulani mwana kapena nyamulani botolo.

Mayiko ena anachepetsa ngozi zimenezi, ndipo sanachite ndi maphunziro okha ngati ano. Ku Philadelphia kunali dokotala wa zakukhosi dzina lake Chevalier Jackson, amene anatopa ndi kuona ana owotchedwa ndi kositiki, nalimbana ndi opanga malamulo kwa zaka zambiri mpaka mu 1927 dziko la America linalamula kuti mankhwala owotcha azilembedwa chenjezo la poizoni. Ku Windsor m'dziko la Canada, dokotala wa ana Henri Breault analimbikitsa kupangidwa kwa chitsekerero chimene umayenera kukanikiza kaye usanapotokole, ndipo chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1967. America inaika zitsekerero zotere m'lamulo mu 1970. Musati izo n'za olemera okha. Ku Gelukspan, dera lakumudzi ku South Africa, achipatala anagawa zigubu za palafini zovuta kutsegula ana, ndipo lipoti lawo la mu 1994 linasonyeza kuti ana omwa palafini anachepa pafupifupi ndi theka. Makolo anali omwewo, umphawi womwewo. Chinasintha ndi chigubu.

N'chifukwa chake pempho langa lomaliza silikupita kwa amayi, amene tawasenzetsa kale zambiri. Likupita kwa a Malawi Bureau of Standards, kuti mankhwala oyeretsera ogulitsidwa m'dziko muno akhale ndi chenjezo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndi chithunzi chimene ngakhale wosadziwa kuwerenga angachimve, ndiponso kuti owotcha onse akhale ndi chitsekerero cholimba. Likupita kwa mabungwe amene amaphunzitsa amayi kupanga sopo, kuti phunziro loyamba likhale la kasungidwe ka kositiki, ndipo sopo azipangidwira pamalo amodzi otchingidwa, osati pakhonde la aliyense. Likupita kwa inu alezi, kuti pasukulu ya mkombaphala klorini ndi sopo zikhale m'manja mwa munthu mmodzi wodziwika, pamalo okhoma.

Ndipo likupita kwa inu mafumu ndi akomiti ya msika, chifukwa zanu sizidikira Nyumba ya Malamulo. Munakwanitsa kulamula kuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi ndi mpondagiya, ndipo anthu anamvera. Mungathenso kugwirizana kuti pamsika pano palafini, Jik ndi kositiki asagulitsidwe m'botolo la chakumwa, ndiponso kuti mwana wosakwana zaka 10 akatumidwa kudzagula zimenezi abwezedwe, abwere wamkulu. Ogulitsa muli pano, sindikukuthirani mchenga m'bizinesi. Wogula azibwera ndi chigubu chake chodziwika, monga amachitira pogula mafuta ophikira. Nkhaniyi ikambidwe pa bwalo lanu likudzali, mvula isanagwe, chifukwa ikangogwa klorini ayambanso kugawidwa.